Njere ya Chimanga Imene Sindidaponye

Tadala, Mayamiko, tazimitsani kanemayo mubwere mukhale apa. Ayi, sindikudwala. Nkhope mukuionayi ndi ya munthu amene wagwidwa bodza, ndipo wandigwira si wina koma iwe Tadala ndi chimangirizo chako cha kusukulu.

Amayi ako, Esinati, anandiwerengera dzana, akumasulira mzere ndi mzere. Aphunzitsi anati aliyense alembe za munthu wolimba mtima wa m'banja mwake, iwe n'kulemba za ine. Walemba kuti agogo ako a Mbewe adaimirira anthu osauka ku Malawi, adakana zoti munthu azilipira powoloka mlatho, ndipo adapambana voti. Walemba bwino, mwana wanga, ndipo sunaname, chifukwa walemba zimene ndakhala ndikukuuzani chifikireni kuno ku Finglas, mu mzinda wa Dublin. Wonama ndine. Ndiye usanakapereke pepalalo Lolemba, umve kaye nkhani yonse, ndi mbali zomwe ndakhala ndikuzidumpha.

Inu ana a kuno mtsinje mumaudziwa ngati chinthu chodutsa pansi pa basi. Liffey wanuyu adammangira makoma mbali zonse ngati ng'ombe ya m'khola, sangachite mwano. Kwathu ku Ntcheu tinali ndi Namilulu. M'chilimwe kanali kamtsinje kaulemu, nkhuku inkawoloka osanyowa nthenga. Koma mvula ikangogwa kumapiri, ngakhale kwathu kukhale dzuwa lowala, Namilulu ankabwera ali wofiira, atanyamula nthochi, mitengo ndi mbuzi za eni ake. Tsono zofunika zonse zinali tsidya lina: msika, chigayo, chipatala cha mishoni, sukulu ya makalasi akuluakulu ndi msewu wa basi. Tsidya lathu kunali ife ndi minda yathu basi.

Pamenepo mpamene ndinkadyera ine. Ndinali wowolotsa anthu. Osati ndi bwato, Mayamiko, bwato pa Namilulu likadaphwanyika pamiyala tsiku loyamba lomwelo. Ndinkawolotsa ndi msana uwu, womwewu umene lero umandikaniza kumanga zingwe za nsapato. Zida zanga zinali kabudula wa kaki, nkhata ya nsanza yoika paphewa, ndi ndodo ya nsungwi yofufuzira pansi. Miyala yonse ya padooko ndinkaidziwa ndi zala za kuphazi: uwu ngwoterera, uwu umagwedera, apa pali dzenje. Pakati pa mtsinje panali mwala waukulu umene tinkautcha Chule. Madzi akafika m'khosi mwa Chule, mtengo unkakwera. Akamuphimba mutu, panalibe wowoloka, ngakhale ubwere ndi ng'ombe.

Tinalipo amuna angapo pantchitoyo, ine ndinali kapitawo wawo. Ndani amene sindidamubereke? Aphunzitsi atanyamula nsapato zopolisha m'manja, amayi oyembekezera, njinga zakuda zija zachitsulo chokhachokha, matumba a feteleza, makina osokera, mkwatibwi ndi chovala chake choyera. Ndidaberekapo wapolisi wina wamimba yaikulu amene kumtunda ankatiopseza kuti tilibe chiphaso, koma titafika pa Chule adayamba Atate Athu mokweza, atandigwira makutu ngati zigwiriro za mphika. Mtengo unalibe pepala ayi. Ndinkayang'ana madzi, kenaka n'kuyang'ana munthu. Wovala taye ankalipiriranso taye wake.

Munthu mmodzi yekha ndi amene ndinkamuwolotsa ulere, agogo anu aakazi, Nangozo, amene inu mudangowaona pachithunzi chili pakhomalo. Ankapita kumsika ndi dengu la tomato, ndipo pa makasitomala anga onse, amene sankalipirayo ndi amene ankadandaula kwambiri. "Bambo a Esinati, tayendani bwino, mukundinyowetsera chitenje." Ine madzi ali m'chifuwa, iwo nkhawa ili pa chitenje.

Chilimwe ndinali munthu wamba, woluka mphasa ndi kumanga nkhokwe za anthu. Dzinja ndinali bwana. Malata a nyumba yathu adachokera mu Namilulu. Wailesi ya mabatire anayi, njinga, nyali ya galasi yolowa m'malo mwa koloboyi, zonsezo Namilulu. Pagombe pankakhala amayi ogulitsa zitumbuwa, chigumu ndi thobwa, ndipo ine ndinkadya osafunsa mtengo. Inu mumadya zinthu za m'mapaketi zofanana kukoma chaka chonse, simudziwa chigumu chotentha munthu atangotuluka m'madzi ozizira mano akugundana. Ndikuuzeni zoona, anzanga akamapempherera mvula kuti chimanga chimere, ine ndinkapempherera mvula kuti mtsinje udzaze.

Ndiye kudabwera nkhani ya mlatho. Adabwera nayo ndi bambo mfumu wa kumishoni, mzungu wa ku Ireland komwe kuno. Tinkamutcha Bambo Fulumirani chifukwa misa ankaithamanga ngati wasiya nyemba pamoto. Adati zitsulo ndi akatswiri zapezeka kwa akufuna kwabwino, koma za simenti ndi amisiri zikuchepa. Njira inalipo imodzi: mlatho umangidwe, pakhale kachipata, aliyense wowoloka azisiya kangachepe mpaka zotsalazo zitakwana, kenaka chipatacho chichotsedwe. Koma poti olipira ndi anthu, anthuwo avote okha, inde kapena ayi.

Nthawi imeneyo n'kuti titangolawa kumene mavoti a zipani zambiri, ndipo adatikomera ngati shuga. Chilichonse tinkafuna riferendamu. Ngakhale wosunga makiyi a mjigo tinkamuvotera. Mapepala panalibe, ndipo ambiri sankatha kuwerenga, choncho adagwirizana zophweka. Pakhomo la kalasi aliyense azipatsidwa njere ziwiri, ya chimanga ndi ya nyemba. Ukalowa kuseri kwa mphasa, uponye imodzi mu mtsuko. Chimanga ndiye kuti inde, mlatho umangidwe. Nyemba ndiye kuti ayi. Njere yotsalayo uzipita nayo kwanu, uibise, ndi chinsinsi chako. Mugwire bwino pamenepo, chifukwa nkhani yanga yonse yagona pa njere yotsalayo.

Nditamva za mlathowo sindidaganize za osauka ayi, Tadala. Ndidaganiza za malata a khitchini amene ndinali ndisanagule. Ndidaona anthu akuyenda pamwamba pa Chule nsapato zili kuphazi, ine ndili pansi ndi nsungwi yanga ngati munthu wowedza achule. Koma munthu sungaime pagulu n'kunena kuti musamange mlatho chifukwa ine ndikufuna malata. Ndidafunika mawu ovala jekete. Ndidawapeza ndili m'munda: mwendo sulipira msonkho.

Mawu amenewo adayenda kuposa njinga yanga. Ndinkawalankhula kuchigayo, kumaliro, kumpira, paliponse pamene pasonkhana anthu oposa atatu. "Mwendo adatipatsa ndi Mulungu, mtsinje adatipatsa ndi Mulungu, nanga chipata chikuchokera kwa yani?" Anthu n'kumagwedeza mitu. Ndidadzimva ngati phungu, mpaka ndidayamba kuyenda ndi cholembera m'thumba la malaya, chosalemba n'komwe.

Patsala masiku ochepa kuti tivote, padachitika msonkhano waukulu pabwalo la sukulu. Mbali ya chimanga ankaitsogolera ndi mayi wina wogulitsa kumsika, Nankhoma, wamfupi koma wa pakamwa pakuthwa. Nditamaliza kulankhula adaimirira, n'kumanga chitenje bwinobwino.

"A Mbewe, mwalankhula zomveka. Koma tandiuzani pamaso pa anthuwa, inuyo mumatiwolotsa ulere?"

Thukuta lidatsika mumsana mwanga momwe mumatsika madzi a Namilulu. Kenaka pakamwa padandipulumutsa, monga pakhala pakundipulumutsira ndi kundipachika moyo wanga wonse.

"Mayi, kwa ine simulipira mwendo. Mumalipira msana."

Anthu adaseka mpaka ena kugwa pamabenchi. Funso la Nankhoma linali loona, yankho langa linali loseketsa basi, koma choseketsacho ndi chimene anthu adapita nacho kunyumba.

Msonkhano utatha, Bambo Fulumirani adandikokera pambali, Chichewa chake chija chopindika m'mphuno. Adati, "A Mbewe, kwathu ku Dublin kuli mlatho umene adamanga ndi munthu wa mabwato. Ataona kuti mabwato ake atha, adamanga mlatho, n'kumatolera yekha pachipata. Bwanji inu ndi anzanu mudzakhale oyang'anira chipata?" Ndidaseka mumtima. Ndidati mzunguyu akufuna kundinyengerera ndi nthano, munthu wa mabwato angamange bwanji chinthu chomuphera ntchito? Ndidamuyankha mwaulemu kuti ndikaganiza, ndipo sindidaganize.

M'malo mwake ndidawonjeza mabodza awiri. Loyamba linali lochenjera: chimanga ndi moyo, munthu wanzeru sataya chimanga mu mtsuko, nyemba ndi ndiwo chabe. Tinali m'miyezi ya njala, ndipo munthu wa kwathu dzanja limachita kulemera kuti ataye chimanga, ngakhale kanjere kamodzi. Bodza lachiwiri ndi limene limandichititsa manyazi mpaka lero. Ndidati pachipatapo ngakhale maliro adzalipira. Ndidati wokafera kuchipatala sadzabwerera kwawo mpaka abale asonkhe, bokosi lidzadikira padzuwa. Palibe amene adanenapo zimenezo, ndidazipeka ndekha ndikusenda mbatata. Bambo Fulumirani adazitsutsa mu tchalitchi, koma monga mwa nthawi zonse adathamanga, ndipo anthu adangomva mawu oti maliro.

Tsiku la voti mtsuko adaukhuthulira pa lichero anthu onse akuona. Adasankhula njerezo monga amayi amasankhulira mpunga, chimanga uku, nyemba uku. Mulu wa nyemba udaposa, osati kwambiri, koma udaposa. Anzanga a padooko adandinyamula pamapewa kuzungulira bwalo. Ine wonyamula anthu, tsiku limenelo ndidanyamulidwa, ndipo ndidaona kuti pamwamba mpokoma, n'chifukwa chake makasitomala anga sankafuna kutsika msanga. Kuyambira pamenepo dzina langa lidasanduka a Mwendo. Zitsulo zija adapita nazo kudera lina kumene anthu adaponya chimanga.

Agogo anu aakazi sadanene kanthu. Adandiphikira, adanditengera madzi kubafa, adachapa malaya anga a kampeni. Patapita milungu ndidaona kachitsamba ka nyemba kakuyanga pampanda wa bafa, kamodzi kokha, kothiriridwa bwino kuposa dimba lonse. Katakula adathyola masamba ake n'kuphika khwanya wothira nsinjiro. Ndidadya mpaka kunyambita zala.

"Nangozo, khwanya ameneyu ngwokoma bwanji. Mbewu yake mudaitenga kuti?"

"Ndi njere yanga yotsala kuvoti ija."

Ndidapitiriza kutafuna. Mutu wanga pa masamu umayenda pang'onopang'ono. Ndidameza kaye, kenaka n'kuwerengera: ngati adatsala ndi nyemba, ndiye kuti mu mtsuko adaponya chiyani? Ndidawayang'ana. Iwo ali phee, akundiwonjezera ndiwo m'mbale.

"Idyani, bambo a Esinati. Ndi ayi wanu uja mumamukonda."

Ukuseka, Mayamiko? Seka, nanenso ndidayesa kuseka tsiku limenelo, koma sizidatheke. Mbewu ya nyemba imeneyo adaisunga chaka ndi chaka, ndipo tikangokangana pa chilichonse, madzulo ake ndiwo zinkakhala khwanya.

Tsopano ndifike pamene ndakhala ndikudumpha. Amayi anu, Esinati, anali mwana wanzeru kuposa ana onse a tsidya lathu. Sindikunena chifukwa ndi mwana wanga, nzeruzo adatengera kuchikazi. Patapita zaka zingapo chichitikireni voti ija, adaitanidwa kukalemba mayeso olowera kusekondale ya atsikana ya masisitere. Mayesowo anali a tsiku limodzi, kumishoni, tsidya lina. Nangozo adati mwanayu akagone konko kwa achibale kusanache. Ine ndidakana. Ndidati mwana wa kapitawo wa padooko akagone kwa eni chifukwa choopa madzi? Anthu adzati chiyani? Ndidzamuwolotsa ndekha m'mawa, yunifolomu osanyowa.

M'mawa mwake kwathu kudacha bwino, kumwamba kuli mbee. Koma kumapiri kudali kutagwa mvula. Tisanafike padooko tidamva mkokomo. Chule sankaoneka, pamalo pake pankangotumphuka madzi ofiira. Esinati adaima pagombe, yunifolomu yosita ndi simbi ya makala, pensulo ziwiri ndi rula m'manja. Tsidya linalo tinkaona atsikana anzake akupita kumishoni.

Ndidalowa m'madzi ndekha kuti ndiyese. Ndisanapite patali madzi adandilanda nsungwi, miyendo idachoka pansi, anzanga adachita kundikoka ndi chingwe. Tidadikira. Dzuwa lidakwera, lidafika pamutu, madzi osatsika. Mwanayo sadalire mokweza ayi, misozi inkangotsika, akupukuta ndi kuseri kwa dzanja kuti isadonthere pa yunifolomu. Ndipo ine, a Mwendo, munthu wa mawu okoma, ndidamugwira paphewa n'kunena kuti, "Mwanawe, Mulungu sanafune."

Malo ake adatenga wina. Adabwereza kalasi, chaka chathunthu chidapita, ndipo sekondale imene adadzapita pambuyo pake inali yoyendera, ya mabuku ochepa. Zoti adafika pamene ali lero, n'kudzatha kundiitanitsa ine kuno agogo anu aakazi atatisiya, ndi khama lake, ine ndilibepo gawo. Za tsiku limenelo sitidakambiranepo, iye ndi ine, zaka zonsezi mpaka dzulo.

Nditafika kuno mudanditengera mu tawuni kukaona malo, mukukumbukira? Nditavala majekete awiri ngati chimanga chosasenda. Tidafika pa kamlatho koyera kachitsulo kaja ka anthu oyenda pansi, ka Ha'penny. Iwe Tadala n'kuyamba kundifotokozera zimene mudaphunzira kusukulu, amayi ako akumasulira: kuti adamanga ndi munthu wa mabwato, ndipo ankalipiritsa theka la kobiri. Mudadabwa kuti bwanji agogo angoima pakati pa mlatho anthu akuwagunda mapewa. Ndinkapepesa kwa Bambo Fulumirani, amene pano adagona kalekale. Munthu wa mabwato wa kuno anali ndi mutu. Wa ku Namilulu anali ndi msana wokha.

Mukuganiza kuti ndidaphunzirapo kanthu? Ayi ndithu. Ndidadziuza kuti zimenezo n'zakale, tsopano pa kamlathoko anthu akudutsa ulere, ndiye kuti azungu nawonso adazindikira kuti mwendo sulipira. Ndipo amayi anu akamanditenga pagalimoto kukaonetsa maso anga tsidya lina la mzinda, timadutsa pa mlatho waukulu uja wa pa msewu wa M50, wautali, mtsinje uli pansi penipeni. Ndinkayang'ana uku ndi uku: chipata palibe, msilikali palibe, wotambasula dzanja palibe. Chimene ndinkamva ndi kakabokosi kaja kali pagalasi lakutsogolo kakulira kuti tii. Ine ndinkayesa kakundikumbutsa kumanga lamba wa m'galimoto. Nthawi zonse kakalira ndinkagwira lamba wanga n'kunena kuti, "Ndamanga kale, bwana." Amayi anu ankangoluma mlomo, ine n'kumati akuganiza za kuntchito.

Mwezi wathawu nkhani ya mlatho wa Namilulu yadzukanso kwathu. Mpaka lero palibe mlatho, kuli mitengo iwiri imene imakokoloka chaka chilichonse. Abweranso ndi maganizo omwe aja, mlatho wa kachipata, ndipo anthu avota Loweruka likubwerali. Pa gulupu ya pafoni ya anthu a kwathu wina adalemba kuti, a Mwendo ali kunja, atiuze, kodi azungu amalipira milatho? Mtima wanga udadumpha ngati wa mnyamata. Patha zaka munthu osandifunsa maganizo, kuno ngakhale za nyengo mumafunsa foni. Ndidakhala pampando uwu, ndidakonza kukhosi, n'kujambula uthenga wa mawu. Ndidati ine ndili ku Dublin, ndimadutsa pa mlatho wotalika kuposa phiri, ndipo sindinaonepo munthu akutulutsa kobiri. Ndidamaliza ndi mawu anga akale aja. Uthengawo wazungulira midzi yonse ya tsidya lathu, akuti akuuika pa sipika kumsika.

Udazungulira mpaka kudzafika pa foni ya amayi anu. Anaumva dzana, tsiku lomwe anandiwerengera chimangirizo chako, Tadala. Sananene kanthu. Anatengera amayi awo.

Dzulo m'mawa tinanyamuka kupita kwa dokotala wa maso. Titafika pa mlatho paja kakabokosi kanati tii, ine dzanja pa lamba.

"Adadi, si lamba ameneyo," anatero Esinati, maso ali pamsewu. "Ndi toll, msonkho wa pa mlatho. Kamera ija ili pamwambapo imawerenga galimoto, ndalama n'kuchoka ku akaunti yanga. Popita ku shifiti ndimalipira, pobwera ndimalipira. Every day, adadi."

"Chipata chili kuti?"

"Kulibe chipata. Amangodula."

Tinapitiriza ulendo. Ndinkaganiza za sipika ya kumsika, mawu anga akunamiza anthu kachiwiri, ulendo uno ndili ndi imvi. Kenaka ndinayamba kulankhula, ndipo kanali koyamba m'moyo wanga kulankhula popanda kufuna kuti wina aseke. Ndinamuuza za malata a khitchini. Ndinamuuza kuti za maliro ndidapeka ndikusenda mbatata. Ndinamuuza kuti mlatho umene ukadamuwolotsa tsiku la mayeso ndidaugwetsa ndine usanamangidwe, ndipo sichinali chifukwa cha osauka.

Anaimika galimoto pamalo oimikapo kuchipatala, n'kuzimitsa injini.

"Ndimadziwa, adadi. Amayi adandiuza ndili Fomu 2."

"Nanga osandifunsa bwanji zaka zonsezi?"

"Ndinkadikira munene nokha." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, chimodzimodzi monga pagombe paja. "Za mtsinje sindidakukwiyireni, madzi ndi madzi. Chimene chidandipweteka n'choti mudati Mulungu sanafune. Ndidakhala zaka ndikuganiza kuti Mulungu ali nane chifukwa."

Ana inu, ndanyamulapo matumba a feteleza awiri nthawi imodzi, koma mawu amenewo anandilemera kuposa katundu aliyense amene ndidawolotsapo. Ndinalira m'galimoto muja, nkhalamba yonseyi, anthu akudutsa ndi maambulera. Ndinapepesa. Iye anandigwira dzanja. Pofuna kudzilimbitsa ndinati kuyambira lero tii ameneyo ndizilipira ndine. Anaseka misozi ili m'masaya, n'kundifunsa kuti ndi penshoni iti. Dokotala atandiyeza anati maso anga afiira kwambiri, anandipatsa mankhwala odontheza.

Titabwerera kunyumba amayi anu anakwera kuchipinda, n'kutsika ndi kabotolo aka. Tachiyang'anani, koma musatsegule. Kale munali mapiritsi a malungo. Mukuona kanjere kali pa phulusapo? Ndi chimanga changa chotsala kuvoti. Ine ndidaponya nyemba, chimanga n'kuiwala m'thumba la malaya a kampeni aja. Nangozo adachipeza pochapa. Adachisunga m'phulusa zaka zonsezo osandiuza, ndipo atadwala komaliza adapatsa Esinati, amvekere, bambo ako akadzavomera okha udzawapatse, adakali ndi voti imodzi sadaponye.

Kuponya sindingathenso. Ovota ndi okhala kumudzi, ine ndili ku Finglas kuno ndikuwotha hita. Ndipo mukaonetsetsa, kanjereko kali ndi kabowo, nankafumbwe adalowa kale ngakhale munali phulusa. Inde wanga adadikira mpaka adafumbwa. Chimene ndinatha kuchita dzulo lomwelo ndi kukaika pachikhatho, amayi anu n'kujambula, ndipo ndinatumiza ku gulupu pamodzi ndi uthenga wina. Ndinati kuno milatho ina amalipira, kungoti chipata chake sichioneka. Ndinati za maliro zija ndidanama. Ndinati ine ndinkalipiritsa anthu kuposa chipata chilichonse, ndipo chipata changa chinalibe tsiku lodzachotsedwa. Sindinawauze chovotera, ndawauzapo zokwanira. Ndinangoti afunse bwino kuti ndalamazo adzasunga ndani ndipo chipatacho chidzachoka liti, mafunso amene ndikadafunsa kale ndikadakhala munthu woona.

Mayankho abwera. Wina akuti a Mwendo akalamba, wina akuti azungu awagula ndi tchizi. Uthenga woyamba uja akuuikabe pa sipika, wachiwiriwu sindikudziwa ngati aufikitsa kumsika, chifukwa suseketsa. Koma mdzukulu wa Nankhoma walemba mzere umodzi, akuti agogo ake akadali moyo, amva, ndipo akuti funso lawo layankhidwa mochedwa. Za Loweruka sindikudziwa kuti zidzatha bwanji.

Ndiye Tadala, tenga pepala lako lija ndi chofufutira. Pamene walemba kuti adaimirira osauka, fufuta. Lemba kuti agogo ako aamuna adapambana voti ndi nthabwala imodzi ndi mabodza awiri, ndipo amene adalipira msonkho wake ndi mtsikana wa pensulo ziwiri amene pano akukuphikirani kukhitchiniko. Ukuti chiyani? Aphunzitsi akufuna munthu wolimba mtima? Alipo. Lemba za mayi amene mwamuna wake ankanyamulidwa pamapewa ndi mudzi wonse, iye n'kulowa kuseri kwa mphasa yekha n'kuponya chimanga. Dzina lake ulilembe bwino, Nangozo, usaliphotchole ngati mmene mumaphotcholera langa.

Mayamiko, tenga kabotoloka ukapereke kwa amayi ako. Ugwire ndi manja awiri. Ndi kawo, adakalipira kale.